Ndisanawonjezere mphamvu pa pikapu yanga ya dizilo

Pikapu yanga ndi ya dizilo, injini ya malita 3 ya masilinda 4, ili ndi turbo (chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini), ndipo magiya ake ndi osintha pamanja. Ntchito yake ndi kunyamula katundu ndi kukoka ngolo, nthawi zambiri m'misewu ya zitunda zitalizitali. Ikakhala yopanda kanthu kumbuyo imayenda bwino lomwe. Koma ndikaisenzetsa katundu n'kukolekanso ngolo, inkati ikafika pakati pa chitunda n'kuyamba kulefuka: giya 4 yakana, ndikatsitsa mu 3 injini ili kulira koma liwiro likuthabe. Maganizo owonjezera mphamvu anayambira pamenepo. Ambiri amene muli ndi galimoto zotere mudzafika pomwepa, ndipo malangizo oyamba amene mudzamve ndi a ogulitsa zipangizo, aliyense kutamanda chake. N'chifukwa chake ndati ndikufotokozereni mmene ine ndinasankhira.

Chinandithandiza kwambiri n'chakuti ndinayamba ndamvetsa kaye kumene mphamvu ya dizilo imachokera. Injini ya dizilo ilibe mapulagi a sipaki ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, kenako injector imapopera mafuta mumpweya wotenthawo, mafutawo n'kuyaka okha. Mukaponda moto, chimene mukuwonjezera ndi mafuta basi. Ndiye kuti chipangizo chilichonse chimene chimawonjezeradi mphamvu chimachita chimodzi mwa ziwiri izi: kuthira mafuta ambiri, kapena kubweretsa mpweya wambiri woti mafuta ambiriwo apse bwino. Mafuta akachuluka moto nawo umachuluka, ndipo si wonse umene umafika kumatayala. Injini za dizilo za m'galimoto ngati zathuzi zimagwiritsa ntchito mphamvu ya mafuta yosakwana theka poyendetsa galimoto. Yotsalayo imatuluka ngati kutentha, kudzera mu ekizozi, mu redieta ndi mu oyilo. Choncho pa chipangizo chilichonse chimene ankandionetsa ndinkafunsa zinthu ziwiri: kutentha kowonjezerako kupita kuti, nanga ndi chiwalo chiti chimene chiyambe kugonja?

Manambala nawonso amasocheretsa. Ogulitsa amakonda kutchula ma kW, muyeso wa mphamvu ya injini, chifukwa ndi nambala yokoma kuimva. Koma ma kW ochuluka kwambiri injini imawatulutsa ikamazungulira pamwamba, cha m'ma 3,400 kapena 3,600 pa mphindi, ndipo palibe amene amakoka ngolo tsiku lonse injini ili pamenepo. Wokoka katundu amafuna mphamvu yopotokola, ija amailemba mu Nm, ndipo amaifuna pakati pa 1,600 ndi 2,800 pamene galimoto imakhala nthawi zambiri. Manambala awiriwa ndi apachibale: mukachulukitsa ma Nm ndi kuzungulira kwa injini n'kugawa ndi 9,549 mumapeza ma kW. Injini imene ikupereka 343 Nm pa 2,000 ikutulutsa ma kW 72 okha panthawiyo, ngakhale papepala atailemba 120. Nditadziwa zimenezi ndinasiya kufunsa kuti chipangizocho chiwonjezera zingati, n'kumafunsa kuti chiwonjezera pati.

Makaniko amene amandikonzera galimoto ndi munthu wamkulu, wosathamangira zinthu. Nditamuuza cholinga changa anati, “Achimwene, tisanawonjezere kanthu tiyeni tiyambe tafunafuna mphamvu imene inatayika. Galimotoyi sikupereka zimene inabwera nazo.” Anamasula payipi yolowetsa mpweya mu injini, pafupi ndi valavu ya EGR, n'kundiitana kuti ndidzaone ndi maso anga. M'kati monse munali matope akuda omata, ochindikala moti atapalamo ndi sikuludilaiva ankatuluka zibuluma. Bowo limene liyenera kukhala lozungulira bwino linali litapyapyala mbali imodzi, kungotsala kanjira kokhota. Anandifotokozera kuti EGR imabweza utsi wina mu injini pofuna kuchepetsa mpweya woipa wotchedwa NOx, ndipo utsiwo uli ndi mwaye. Mwayewo ukakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera m'mimba mwa injini, ziwirizi zimagwirana n'kumata m'mapayipi chaka ndi chaka. Injini yanga inkagwira ntchito ngati munthu wothamanga ali ndi chimfine chotseka mphuno.

Sanalekere pomwepo. Papayipi ya labala yochokera ku intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wochokera mu turbo, anapeza kamng'alu kobisika mmunsi, ndipo chinamuonetsa ndi kadontho ka oyilo kosakanikirana ndi fumbi pamalo amene payenera kukhala pouma. Galimoto ikangoyima kamng'aluko sikaoneka, koma turbo ikayamba kupopa kamatseguka, mpweya n'kumathawira kunja. Anatsuka sensa yoyeza mpweya, anasintha fyuluta ya mpweya ndi ya dizilo, anayeza mphamvu yopanikiza ya silinda iliyonse, n'kulumikiza makina ake pa soketi ya OBD, yowerengera kompyuta ya galimoto, kuti aone ngati ma injector onse anayi akuthira mofanana. Nditaitenga galimoto tsiku limenelo, kusintha kwake kunali koonekeratu. Ndikunenetsa kuti pa zonse zimene ndinachita pambuyo pake, palibe chimene chinandipatsa zambiri pa ndalama zochepa ngati ntchito imeneyi. Komanso kuwonjezera mafuta pa injini yotsekeka mpweya kapena ya injector yodontha n'koopsa. Injector yotha simapoperanso mafuta ngati nkhungu, imalavula pamalo amodzi, ndipo malo amodziwo pamutu pa pisitoni amapsa mpaka kung'aluka.

Chinthu choyamba chimene ndinagula sichiwonjezera mphamvu n'komwe. Ndi geji yoyeza kutentha kwa utsi, imene amakaniko amaitchula kuti EGT. Amaboola kabowo kakang'ono pachitsulo chosonkhanitsa utsi, utsiwo usanalowe mu turbo, n'kulowetsamo kansonga koyeza. Ena amakaika kuseri kwa turbo chifukwa n'kosavuta, koma pamenepo utsi umakhala utazizirako kale, nthawi zina ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndiye geji imakupatsani mtima pansi pamene zinthu zaipa kale. Geji ya kutentha ya pa dashibodi ija imayeza madzi a mu redieta, ndipo madzi amachedwa kumva. Utsi ukhoza kukwera ndi madigiri mazana angapo m'masekondi ochepa singano ya madzi isanagwedezeke.

Gejiyi inandiphunzitsa zimene zaka zonse zoyendetsa galimoto sizinandiphunzitse. Pamsewu wafulati ndi katundu inkakhala chapakati, yosadetsa nkhawa. Pachitunda ndili mu giya 4, phazi litafika pansi, injini ikuzungulira pang'onopang'ono cha m'ma 1,700, nambala inkakwera osaleka, kudutsa 600, kuloza ku 700. Ndikatsitsa mu giya 3, injini n'kukwera kufika cha m'ma 2,600, nambala ija inkayamba kutsika pomwepo, chonsecho liwiro ndi lomwelo, katundu yemweyo, chitunda chomwecho. Chifukwa chake n'chakuti injini ikazungulira mwachangu imameza mpweya wambiri, ndipo mu dizilo mpweya wotsala osapsa ndi umene umaziziritsa moto. Khutu limakuuzani kuti injini yolira ndiye ikuzunzika. Geji imakuonetsani kuti yozunzika ndi ija yongong'ung'udza pansipansi. Mapisitoni a injini zambiri zamtunduwu ndi a aluminiyamu, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 660. Amapirira moto woposa pamenepo chifukwa motowo ndi wa kanthawi, mpweya watsopano umawaziziritsa, ndipo oyilo amawazidwa kunsi kwawo. Koma kutentha kukakhalitsa zonsezi zimachepa mphamvu. Amakaniko ambiri amalangiza kuti utsi woyezedwa usanalowe mu turbo usakhalitse pamwamba pa madigiri 650 mpaka 700, ndipo ine ndinaika belu la geji yanga kuti lizilira ndisanafike pamenepo.

Popeza vuto linali kutentha, chachiwiri chinali intercooler. Turbo imazungulira kupitirira ka 150,000 pa mphindi ndipo mpweya umene yapanikiza umatuluka wotentha, kupitirira madigiri 120 galimoto ikamakoka mwamphamvu. Mpweya wotentha ndi wopepuka, okosijeni amachepamo. Intercooler imauziziritsa usanalowe mu injini. Yanga yoyambirira inali yaing'ono, yokhala pamwamba pa injini, ndipo pokwera chitunda pang'onopang'ono mphepo yodutsamo inkachepa pamene kutentha kwa injini kukuiwotcha kuchokera pansi. Ndinaika yokulirapo kutsogolo. Apa samalani zinthu ziwiri. Yaikulu mopitirira muyeso imachedwetsa turbo kudzaza mapayipi, ndiye poyambira galimoto imakhala yaulesi. Komanso ikakhala kutsogolo imatchinga mphepo ina yopita ku redieta, choncho redieta ndi fani ziyenera kukhala zabwinobwino. Ife tinatsuka redieta mkati ndi kunja nthawi yomweyo. Mphamvu imene intercooler payokha imawonjezera ndi yochepa; phindu lake linaoneka pa geji, ndiponso galimoto inasiya kufooka masana dzuwa likaswa mtengo.

Ndipatuke pang'ono ndinene za matayala, chifukwa ambiri amene amadandaula kuti pikapu yawo yafooka amakhala atangoika kumene matayala aakulu. Tayala la 265/65 R17 ndi lotalika mamilimita 776 kuchoka pansi kufika pamwamba, pamene la 285/70 R17 ndi mamilimita 831. Kusiyanaku ndi 7 peresenti. Zikutanthauza kuti mphamvu yokankha galimoto pamsewu yatsika ndi pafupifupi 7 peresenti mu giya iliyonse, sipidomita ikamati 100 inu muli pa 107, ndipo mabuleki ali ndi ntchito yochuluka. Onjezerani kulemera kwa matayalawo, bampala yachitsulo, winchi ndi denga la katundu. Munthu amalipira kuti kompyuta ya injini isinthidwe pongofuna kubweza zimene matayala anamulanda. Ngati kumene mumayenda kukufunadi matayala aakulu, ikani, koma mudziwe mtengo wake, ndipo njira yowongoka yobwezera mphamvuyo ndi kusintha magiya a mu difu. Ine ndinakhalabe ndi saizi imene galimoto inabwera nayo, kungosankha matayala olimba oyenera katundu wolemera.

Tsopano za kuwonjezera mafuta kwenikweniko. Pa injini zakale za pampu ya makina, amakaniko amatembenuza sikulu ya mafuta pa pampu ndipo galimoto imasintha pomwepo, kawirikawiri n'kuyamba kufuka utsi wakuda. Injini zatsopano ndi za common rail, njira imene inayamba kulowa m'galimoto zing'onozing'ono mu 1997. Mmenemu pampu imasunga dizilo mupayipi imodzi pa mphamvu ya ma bar 1,600 mpaka kupitirira 2,000, ndipo kompyuta ya injini ndi imene imalamula kuti injector itseguke liti, kangati ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Njira zosinthira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kabokosi kongolumikiza pa mawaya, kamene anthu amakatcha chip. Tambiri mwa timabokosi totchipa timanamiza kompyuta: timaiuza kuti mphamvu ya dizilo mupayipi ija ndi yotsika kuposa mmene ilili, kompyuta n'kulamula pampu kuti ipanikize kwambiri. Mphamvu imabweradi, koma pampu ndi ma injector akugwira ntchito pamwamba pa muyeso wawo, ndipo kompyuta imene iyenera kuteteza injini ikuwerenga nambala zabodza. Tilipo timabokosi tapamwamba timene timalamuliranso turbo ndi nthawi yothirira mafuta, koma mfundo yake ndi yomweyo yodutsa pakati pa sensa ndi kompyuta.

Njira yachiwiri, imene ine ndinasankha, ndi remap, kulemba mwatsopano malangizo a m'kompyuta ya injini momwemo. Ubwino wake ndi wakuti mafuta, mpweya wa turbo ndi nthawi yothirira zimasinthidwa mogwirizana, ndipo malire oteteza injini akhoza kusiyidwa mmene analili. Koma ubwino umenewu uli m'manja mwa munthu wochita ntchitoyo. Alipo amene amangotenga fayilo pa intaneti n'kuilowetsa m'galimoto iliyonse ya mtundu umenewo, osayeza kanthu. Amenewo ndinawapewa. Ndinafuna wokhala ndi dyno, makina amene galimoto imakwera n'kumayenda ili pamalo amodzi, matayala akuzunguza zitsulo zoyeza mphamvu. Anaiyeza asanasinthe chilichonse, ndipo nambala imene inatuluka inali yotsika poyerekeza ndi ya m'buku. Zimenezo sizachilendo, chifukwa buku limatchula mphamvu ya pa injini pamene dyno imayeza ya pa matayala, ina itatayikira mu giyabokosi ndi mu difu. Chofunika ndi kuyerekeza nambala ya poyamba ndi ya pambuyo, pa makina omwewo, tsiku lomwelo.

Ndisanamulole kuyamba ndinamuuza ntchito ya galimotoyi mwatchutchutchu: imakoka ngolo yolemera, imakwera zitunda zazitali, sindifuna mpikisano ndi munthu. Ndinamupempha kuti asapitirire 15 peresenti, kuti asakhudze malire oteteza injini, ndiponso kuti utsi wakuda ndisauone. Iye anawonjezera mfundo imene sindinaiganize, yakuti asaunjike mphamvu yambiri pansi pa 1,800, chifukwa pamenepo kugunda kwa silinda iliyonse kumamveka pakokha ndipo kumasautsa kilatchi ndi flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chimene kilatchi imagwirapo. Ndinaima pambali ndikuona galimoto yanga itamangidwa ndi malamba, ikubangula ili pamalo amodzi, fani yaikulu ikuipemerera kutsogolo. Iye maso ake sanali pa nambala ya mphamvu. Ankayang'ana kutentha kwa utsi ndi kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, ndipo pena ankachepetsa zimene anali atawonjezera kale. Zimenezo zinandikhazika mtima pansi kuposa nambala iliyonse imene akanandionetsa.

Za utsi wakuda ndinenepo mosabisa, chifukwa ena amauyesa chizindikiro cha mphamvu. Utsi wakuda ndi dizilo amene sanapse bwino chifukwa mpweya unachepa. Mwagula mafuta n'kuwatayira mumsewu, mwaye wina watsikira mu oyilo wanu, ndipo kutentha kwa utsi kwakwera. Pamwamba pa izo pali anthu amene akupuma utsiwo. Mu 2012 bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. N'chifukwa chake wochita remap uja atandifunsa ngati ndikufuna kuti atseke EGR ndinakana. Ndikudziwa kuti ndi EGR yomweyo imene inathandiza kutseka mapayipi anga, koma matope aja amafuna zinthu ziwiri, mwaye ndi oyilo. Ndinaika kachitini kotchera nthunzi ya oyilo, kamene amati catch can, kuti mwaye uzidutsa wouma, ndipo ndimakakhuthula nthawi iliyonse yosintha oyilo. Galimoto yanga ilibe DPF, fyuluta ya mu ekizozi imene imagwira mwaye n'kumauwotcha pa madigiri pafupifupi 600, koma zatsopano zambiri zili nayo. Kuichotsa n'koletsedwa m'mayiko ambiri pa galimoto yoyenda pamsewu. DPF ikamatsekeka pafupipafupi nthawi zambiri pamakhala chifukwa china: maulendo afupiafupi osailola kutentha, injector yodontha, payipi yothawitsa mpweya, kapena oyilo wolakwika, pakuti injini zimenezi zimafuna oyilo wa phulusa lochepa. Remap yothira mafuta ambiri imaidzazanso msanga.

Chiwalo chimene chimayamba kugonja pa galimoto ya magiya a pamanja ndi kilatchi. Opanga galimoto eni ake amadziwa kuti mphamvu iyenera kugwirizana ndi zimene zili kumbuyo kwa injini. Toyota itakweza injini ya 2.8 ya Hilux mu 2020 kufika pa 150 kW, ya otomatiki inapatsidwa 500 Nm pamene ya pamanja inasiyidwa pa 420 Nm, injini imodzimodziyo. Kilatchi yanga inali itayenda kale mtunda wautali, choncho tinaisintha remap isanachitike. Kuti mudziwe ngati yanu ikuterereka, lowani giya yapamwamba pachitunda injini ili pansi, pondani moto mpaka pansi: singano ya injini ikakwera liwiro osakwera, yatha. Posankha yatsopano musangotenga yolimba koposa zonse. Zija za seramiki zopangira mpikisano zimagwira mwadzidzidzi, zilibe pakati, ndipo kubweza ngolo m'mbuyo pamalo opanikizika ndi kilatchi yotero ndi chizunzo kwa inu ndi kwa giyabokosi. Ndinatenga ya mtundu wamba koma yopanikiza mwamphamvu, ndipo phazi silinamve kusiyana kwenikweni. Amene muli ndi otomatiki, mdani wanu ndi kutentha kwa oyilo wa giyabokosi pokoka katundu pachitunda. Kwa inu kachipangizo kowonjezera koziziritsa oyiloyo, ndi njira yoonera kutentha kwake, zibwere remap isanabwere.

Zimene ndinazisiya n'zambiri. Kabokosi kolumikiza pa pedulo ya moto sikawonjezera mphamvu ngakhale pang'ono; kamangochititsa kuti mukaponda pang'ono kompyuta imve ngati mwaponda kwambiri. Fyuluta ya mpweya yothira oyilo ndinaikana chifukwa imapuma momasuka polola tifumbi tambiri kudutsa, ndipo oyilo wake amadetsa sensa ya mpweya. Fyuluta ya pepala yabwino, yosinthidwa pa nthawi yake, imakwanira. Snorkel, payipi yokokera mpweya wa injini kuchokera m'mwamba, ndi yothandiza powoloka madzi ndi m'fumbi, osati pa mphamvu. Ekizozi yaikulu ya mainchesi 3 imatsitsako kutentha kwa utsi pa galimoto yopanda DPF, koma yanga geji inaonetsa kuti intercooler yathetsa kale vutolo, ndipo pa galimoto ya DPF kusintha payipi ya kumbuyo kwa fyulutayo kumasintha phokoso kuposa china chilichonse. Turbo yaikulu ndi ma injector aakulu ndi za munthu amene akufuna mphamvu ya pamwamba ndipo wakonzeka kulimbitsanso mkati mwa injini. Turbo yaikulu imachedwa kudzuka, ndiye imakulandani pansi pomwe wokoka katundu amafunapo thandizo.

Ndalama zimene zikanapita kumeneko zinapita ku zinthu ziwiri zimene sizioneka. Choyamba ndi fyuluta yachiwiri ya dizilo yokhala ndi kapu yolekanitsa madzi. Pa mphamvu ya ma bar 2,000, kamchenga kosaoneka ndi maso kamakanda mkati mwa injector, ndipo madzi amachotsa kuterera kumene pampu imadalira, popeza pampuyo imafewetsedwa ndi dizilo yemweyo. Kukonza pampu ndi ma injector anayi kumadula kuposa remap ndi intercooler mutaziphatikiza. Chachiwiri ndi mabuleki. Galimoto yamphamvu imafika pamwamba pa chitunda mwachangu, ndipo kuseri kwake kuli kutsetsereka. Mphamvu imene mabuleki ayenera kuimitsa imakula mofulumira kuposa liwiro: pa 100 ndi yochuluka ndi 56 peresenti kuposa pa 80. Ndinaika mapadi opirira kutentha ndi mafuta a buleki atsopano. Mafuta a DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, ndipo akayamwa malirewo amatsika kufika cha m'ma 155. Akawira pedulo imapita pansi yopanda kanthu. Injini ya dizilo payokha sigwira galimoto kwambiri potsetsereka, choncho giya yotsika ndi mabuleki a ngolo yomwe ndi zofunika.

Masipuling'i olimba ndi mashoko abwino ndinaikanso, ndipo galimoto inasiya kugwada kumbuyo. Koma musaiwale kuti zimenezi, ngakhale remap yomwe, sizisintha kulemera kumene galimoto inaloledwa kunyamula. Nambala zake zili m'buku la galimoto ndi pachitsulo chomatidwa pathupi pake: kulemera kwa galimoto ndi katundu wake, ndi kulemera kwa zonse pamodzi ndi ngolo. Mapikapu ambiri atsopano amalembedwa kuti amakoka makilogalamu 3,500, koma mukawerengera bwino mupeza kuti pa ambiri simungakoke ngolo yodzaza chotero kwinaku kumbuyo mutadzazanso. Chasisi, ma ekiselo ndi mabering'i ndi zomwe zija zakale, injini ikhale yamphamvu chotani.

Zotsatira zake kwa ine zinali zimene ndinkafuna. Galimoto imagwira giya nthawi yaitali, kudutsa lole ndili ndi ngolo sikutenganso msewu wautali, ndipo utsi wakuda palibe. Mafuta amene galimoto imamwa sanatsike modabwitsa monga ena amalonjezera. Ndikayenda mwaulemu amatsikako pang'ono chifukwa sindisinthasintha magiya, ndikagwiritsa ntchito mphamvu yonse amakwera. Musadalire nambala ya pa dashibodi pankhaniyi, makamaka ngati mwaika chip, chifukwa kompyuta imawerengera mafuta amene ikuganiza kuti yathira. Dzazani thanki, lembani mtunda, mudzadzazenso, muwerengere nokha. Oyilo ndimasintha msanga kuposa mmene buku limanenera pa ntchito wamba, potsatira ndondomeko ya ntchito yolemetsa imene ili m'buku lomwelo. Ndikaima nditangokoka mwamphamvu ndimaisiya injini ikulira pang'ono mpaka geji itatsika ndisanazimitse, kuti oyilo asapserere m'mabering'i a turbo.

Ngati galimoto yanu ikadali pa waranti, dziwani kuti remap kapena chip zikhoza kuithetsa pa mbali ya injini ndi giyabokosi, ndipo makina a ogulitsa galimoto amatha kuona kuti kompyuta inakhudzidwa ngakhale mutaibwezeretsa. Yanga inali itadutsa kale pamenepo. A inshulansi ndinawauza polemba kalata zonse zimene ndinasintha, chifukwa kubisa kumawapatsa chifukwa chokanira kulipira pakachitika ngozi. Kwa wochita remap uja ndinapempha fayilo yoyambirira ya kompyuta ya galimoto yanga pamodzi ndi mapepala awiri a dyno, la poyamba ndi la pambuyo. Pemphani zimenezi asanayambe ntchito, osati atamaliza, pakuti ena sasunga. Fayiloyo imathandiza injini ikadzavuta ndipo makaniko akufuna kudziwa ngati vuto lili mu remap kapena kwina, ndipo tsiku logulitsa galimoto wogulayo ayenera kuuzidwa zimene zinasinthidwa n'kupatsidwa mwayi wosankha kuisiya choncho kapena kuibwezera mmene inalili.